MAKALATA AKALE A KU BANDAWE: KODI ANENA ZONSE?

Munthu wofuna kudziwa mbiri ya dziko la Atonga sangathe kulambalala makalata a Mishoni ya Livingstonia. Mishoniyi inacoka ku Cape Maclear m'caka ca 1881 nidzakhazikika ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, ndipo Dr Robert Laws anakhala komweko kufikira 1894 pamene anasamukira ku Khondowe. Amishoniwo anali kulemba buku la zocitika pa mishoni ndi makalata opita kwao. Zambiri mwa izi zisungidwa ku National Library of Scotland mu mzinda wa Edinburgh, zina ku National Archives ku Zomba.

Ubwino wa makalatawa ngwosakayikitsa. Achula masiku ndi zaka, cinthu cimene nkhalamba siingathe kusunga pamtima. Asimba za mantha a Atonga cifukwa ca nkhondo za Angoni, za kukula kwa masukulu, ndi za malungo amene anapha amishoni ogona m'manda a ku Bandawe wakale. Mtengo wao ukula koposa tikakumbukira kuti moto wa mu 1919 unatentha maofesi a Boma ku Zomba pamodzi ndi makalata ambiri a zaka zoyamba.

Komatu makalatawa ali ndi cirema: alankhula ndi pakamwa pamodzi. Olemba anali alendo, ndipo analembera anzao a ku Scotland m'Cingerezi. Taonani nkhani ya Elliot Kamwana, amene mu 1908 ndi 1909 anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'dera lino m'dzina la Watch Tower, Boma lisanamcotse m'dziko. Zambiri zimene tiwerenga za iye zinalembedwa ndi amene anatsutsana naye. Nanga anthu obatizidwawo anati ciani? Mlandu suweruzidwa pakumva mbali imodzi.

Dziko la Ireland litiphunzitsa zinthu ziwiri pamenepa. Pa 30 June 1922, nkhondo ya paciweniweni itangoyamba, nyumba yosungiramo makalata a Boma ku Four Courts mu mzinda wa Dublin inapserera. Munapsa zolemba za kalembera wa anthu wa zaka za 1821 mpaka 1851, ndi makaundula a ubatizo, ukwati ndi maliro a mipingo pafupifupi 1,000 ya Church of Ireland. Phunziro loyamba ndi lakuti pepala losungidwa pamalo amodzi lingathe m'tsiku limodzi.

Laciwiri likhudza inu amene mukuphunzira uphunzitsi. Kuyambira 1937 mpaka 1939, bungwe la Irish Folklore Commission linapempha aphunzitsi a masukulu a pulaimale 5,000 kuti atume ana ao kwa agogo ndi anansi. Ana oposa 50,000 analemba nthano, miyambi, mapemphero, maina a malo ndi mbiri ya zitsime zopatulika, ena m'Cingerezi, ena m'cinenero ca makolo ao. Masamba ake, pafupifupi 740,000, asungidwa ku University College Dublin. Nchitoyi nayonso inali ndi zoperewera: zigawo 6 za kumpoto sizinalowemo, ndipo mitu yofunsa inakondera moyo wa kumudzi. Koma mau a anthu wamba anapulumuka, ndipo kawirikawiri dzina, zaka ndi mudzi wa wosimbayo zinalembedwa.

Tsono mukadzalandira sukulu zanu m'mbali mwa nyanja muno, musadzayese kuti mbiri yonse iri ku Edinburgh. Tumani ana akafunse za linga la Mankhambira, za nyimbo za m'chalichi zopekedwa ndi eni dziko, ndi za amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni. Alembe m'Citonga monga momwe wamkuluyo walankhulira, osakonza mau ake. Alembenso dzina lake, mudzi ndi tsiku, ndipo buku liri lonse likopedwe kawiri, lina likhale pa sukulu, lina kwina. Pamenepo makalata a amishoni adzakhala ndi mnzao wowayankha.