Mizere Yokhota ya ku Gee's Bend

Mu 1942, mayi Missouri Pettway anasonkhanitsa zovala zonse zimene amuna awo a Nathaniel ankavala kumunda, n'kuyamba kuzing'amba. Amunawo anali atamwalira chaka chapitacho. Mwana wawo Arlonzia, yemwe anadzafotokoza nkhaniyi atakalamba, anawathandiza kung'amba miyendo ya mathalauza ndi mapsepse a malaya. Zovalazo zinangokwanira chofunda chimodzi. Chilipo mpaka lero, chotuwa, ndipo mathotho a pamaondo akuonekabe pamene anali. Mayiwo sanawabise kunsi kapena kuwadula n'kutaya.

Gee's Bend ndi kadera kakang'ono m'boma la Wilcox ku Alabama, m'dziko la America, pamalo pomwe mtsinje wa Alabama unakhota n'kuzinga mtunda mbali zitatu. Dzinalo linachokera kwa Joseph Gee, amene anatsegula munda wa thonje kumeneko mu 1816 pogwiritsa ntchito akapolo. Mu 1845 mundawo unapita m'manja mwa Mark Pettway, n'chifukwa chake mabanja ambiri a anthu akuda kumeneko mpaka lero ndi a Pettway ngakhale si onse apachibale. Ukapolo utatha, anthuwo anatsala pomwepo, kulima minda ya eni, kugona m'nyumba zamatabwa zolowa mphepo. Nyengo yozizira zofunda zinkasanjikizidwa pabedi zingapo. Luso la amayi akumeneko linabadwira m'chisanu chimenecho.

Chofunda chimene Angerezi amati quilt chili ndi zigawo zitatu. Pamwamba pali nsalu yolumikiza zigamba, pakati pali thonje lopereka kutentha, pansi pali nsalu yoyalira. Zigawozi amazitambasula pathabwa lomangira n'kuzisokerera pamodzi ndi timisoko ting'onoting'ono kuti thonje lisaunjikane mbali imodzi pochapa. Ku Gee's Bend mayi ankalumikiza yekha zigamba zapamwamba, pamanja kapena pamakina, koma posokerera zigawo zitatu zija anzake ankabwera kudzathandiza, akuimba nyimbo zakutchalitchi. Thonje lapakati kawirikawiri linali zotsala zakumunda kapena za kumakina opunthira, zoti ayambe azimenya ndi ndodo kuti zinyalala zichoke.

Mabuku ambiri ophunzitsa lusoli amafuna makona okumana ndendende. Wophunzira amadula tizidutswa tofanana, amasiya malo ofanana m'mphepete mwa msoko uliwonse, ndipo ngodya ikaphonyana ndi inzake amasula n'kuyambiranso. Amayi a ku Gee's Bend ankawadziwa mapatani amenewa, koma ambiri ankasoka mwanjira imene eniake amaitcha "my way", kutanthauza mmene mwiniwake wafunira. Patani imene ankaikonda kwambiri ndi Housetop: kachigamba kamakona anayi pakati, kenaka mizere yozungulira kachigambako, uliwonse wokulirapo, ngati mmene denga limaonekera kwa munthu wogona chagada. Papepala pataniyi ndi yophweka moti mwana angaijambule. M'manja mwa amayiwa, mzere umodzi umanenepa kumanzere n'kuonda kumanja, mtundu umene diso likuuyembekeza pakona sufika, m'malo mwake pamabwera kachidutswa kofiira kamodzi kokha. Diso limafuna kupuma, chofunda sichilola.

Ena amati izi zinkangochitika chifukwa cha umphawi, nsalu ikatha munthu ankaikapo imene ilipo. Umphawi unalipodi, woopsa. Mu 1932, wamalonda wa m'tauni ya Camden, kutsidya kwa mtsinje, amene ankawakongoza atamwalira, olowa chuma chake anatumiza anthu kudzalanda ziweto, zida zolimira ndi chakudya, moti anthu anapulumukira thandizo la Red Cross. Koma kusowa kumangochepetsa zosankhapo. Mayi amene ali ndi kachidutswa kofiira kamodzi ayenerabe kuganiza poti akaike, ndipo malo oti n'kukaika ndi ambirimbiri. Kuti amayi osiyanasiyana, kwa zaka zoposa 50, ankakaika pamalo pomwe kamadzutsa chofunda chonse, si ngozi ayi.

Umboni wamphamvu ndi chofunda cha mayi Annie Mae Young cha mu 1976. M'mbali monse muli mizere ya jinzi yakale, ina yotuwa mbuu chifukwa cha dzuwa ndi sopo, ina yoderapo. Pamene anamasula matumba pamaoneka timakona tabuluu wakuda, chifukwa nsalu yapansi pa thumba sinaonepo dzuwa. Wosoka wina akanati pamenepa ndi poipa. Mayi Young anapasandutsa mtundu wachiwiri, ngati kuti anali ndi nsalu ziwiri pamene anali ndi imodzi. Pakati penipeni anaikapo mizere yopyapyala ya corduroy yofiira, yachikasu ndi yofiirira, yothinana, moti buluu wozizira wakunjaku amaoneka ngati wazinga moto. Palibe mzere umodzi woongoka, komabe chofundacho sichipendekera mbali ina. Kulemera kwa mitundu kumanja kuli ndi chokuyankha kumanzere, ngakhale zigamba zake sizifanana.

Corduroy ija ili ndi mbiri yake. Mu 1966 amayi a m'derali, mothandizidwa ndi wansembe Francis X. Walter, anayambitsa bungwe la Freedom Quilting Bee kuti azigulitsa zosoka zawo. Inali nthawi yomenyera ufulu wovota. Boti loolotsa anthu kupita ku Camden, komwe kunali kolembetsera mavoti, linali litaimitsidwa mu 1962, ndipo silinabwererenso mpaka 2006. Ulendo wongooloka mtsinje unasanduka wa pafupifupi ola lathunthu pagalimoto. Bungwelo linapeza misika m'masitolo akuluakulu monga Bloomingdale's ku New York, koma msika unafuna zofunda zofanana kukula, zofanana mapatani. Ndalama zinabwera, ufulu wa dzanja unachepa. Mu 1972 kampani ya Sears inapatsa bungwelo ntchito yosoka zovekera mapilo za corduroy, ndipo zidutswa zotsala amayi ankapita nazo kunyumba. Masana ankasoka zoyezedwa ndi tepi, madzulo zotsala zomwezo zinkalowa m'zofunda zopanda muyezo wa munthu wina. Zina mwa zofunda zabwino koposa za m'zaka za m'ma 1970 zinachokera m'zinyenyeswa za ntchito yotopetsa imeneyo.

Jinzi ndi corduroy ndi nsalu zozunza makina, ndipo amene lero amasoka zofunda zotere pongosangalala, potengera amayi a ku Gee's Bend, amazindikira zimenezi msanga. Corduroy imayoyoka ubweya paliponse pamene yadulidwa. Jinzi yong'ambidwa imatulutsa ulusi m'mphepete. Thonje lapakati nalo limasiya fumbi lake. Zonsezi zimagwera pansi pa kachitsulo kamene singano imalowapo, n'kuunjikana pakati pa mano okoka nsalu ndi mozungulira bobini. Zikachuluka zimagwirana n'kukhala ngati kachigamba kolimba, mano amalephera kukwera bwino, nsalu siyenda mofanana, msoko wina umatalika wina n'kufupika. Ubweyawo umamwanso mafuta, zitsulo n'kumakhulana zouma. Mankhwala ake ndi kaburashi: kumasula kachitsuloko, kuchotsa bobini ndi chosungira chake, kusesa. Kupemerera ndi pakamwa n'kulakwa, chifukwa mpweya umakankhira ubweya mkati ndipo chinyezi chake chimayambitsa dzimbiri. Wosoka zofunda wosamala amasesa akangotha mabobini awiri kapena atatu.

Mafuta ndi a makina osokera okhaokha, oyera, opepuka, dontho limodzi pamalo pomwe chitsulo chikukhudzana ndi chinzake. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka phula. Akathira, wosoka ayambe wayendetsa makinawo pa kansalu kachabe, apo ayi dontho lotsala lidzatuluka pa chigamba choyera chimene chinali chimodzi chokhacho. Makina akale a Singer opalasa ndi mapazi, aja omwe atelala amakhala nawo pakhonde la sitolo, amafuna mafuta m'timabowo tambiri komanso lamba wachikopa womangika bwino. Makina ambiri amakono amagetsi amafuna mafuta pamalo amodzi kapena awiri, ena safuna n'komwe, ndipo kabuku kake ndi kamene kamanena.

Koma chimene ambiri amachinyalanyaza ndi singano. Imabuntha isanathyoke. Alangizi ambiri amati isinthidwe pakatha maola 8 akusoka, ndipo pa jinzi ikhale ya nambala 100/16 osati 80/12 ya nsalu wamba. Singano yobuntha imamveka, imachita kugogoda polowa m'nsalu, kenaka imayamba kulumpha misoko. Pamene misoko ya jinzi iwiri yakumana, nsalu imatha kukhala zigawo 6 kapena kuposa, phazi la makina limapendekeka, ndipo wopupuluma amakoka nsalu kumbuyo mpaka singano kupindika n'kukanda mbedza yogwira ulusi. Wodziwa amaika kansalu kopinda kumbuyo kwa phazilo kuti likhale mopingasa, n'kuzunguza gudumu ndi dzanja mpaka atadutsa pachitundapo.

Nkhani ya burashi ndi singano ikukhudza luso lenilenilo. Pali kukhota kuwiri. Kwina n'kwa mzere umene wosoka wausankha: nsalu yadulidwa mopendekera, koma msoko wake ndi wolimba ndipo chofunda chikayalidwa chimagona pansi. Kwina n'kwa makina osasamalidwa: ulusi wapansi ukuchita malupu, nsalu yakwinyika, msoko ukumasuka pochapa koyamba. Ophunzira ena atamva kuti ku Gee's Bend kulibe malamulo, amayesa kuti kukhota kulikonse n'kukongola. Zofunda zambiri zotengera kasokedwe ka kumeneko zimaoneka zaphokoso chabe, chifukwa wosoka wapendeketsa chigamba chilichonse mwadala, osasiya mzere wodekha woti kupendekako kuonekere. Mayi Young ankasiya jinzi yambiri ili phee kuti pakati paja pamveke.

Dziko linachedwa kuona zofunda za ku Gee's Bend. William Arnett, wosonkhanitsa zaluso za anthu akuda a kummwera kwa America, anaona chithunzi chimene Roland Freeman anajambula cha mayi Young ndi chofunda chija, n'kupita kukawafunafuna. Mu 2002 chionetsero cha The Quilts of Gee's Bend chinatsegulidwa ku Museum of Fine Arts ku Houston, kenaka ku Whitney Museum ku New York. Olemba ndemanga anaziyerekeza ndi zojambula za Henri Matisse ndi Paul Klee. Mu 2006 zofunda 10 zinaikidwa pa masitampa a positi ya America, ndipo mu 2015 amayi Mary Lee Bendolph, Lucy Mingo ndi Loretta Pettway analandira ulemu wa National Heritage Fellowship.

Kuyerekeza ndi Matisse kunali kuyamikira, komabe kunasocheretsa pang'ono. Kumachititsa munthu kuona chofunda ngati chithunzi chapakhoma, mitundu ndi makona basi, n'kuiwala kuti chili ndi kunsi, chili ndi kulemera, ndiponso kuti timisoko tapamanja todutsa pamwamba pa zigamba tili ndi njira yakeyake, nthawi zina yokhotakhota modutsana ndi mizere yoongoka ya pansi pake. Wojambula amasakaniza penti mpaka apeze buluu amene akufuna. Mayi Missouri Pettway buluu wawo anasakanizidwa ndi zaka za thukuta la amuna awo, ndipo sakanatha kuitanitsa wina akatha.

Kutchuka kunasinthanso zosokera. Chionetsero chija chitachitika, amayi ambiri amene anali atasiya anayambiranso, ndipo mu 2003 anapanga bungwe la Gee's Bend Quilters Collective. Nsalu yatsopano inayamba kupezeka mosavuta. Zofunda zina zatsopano n'zowala kwambiri koma zosalala, chifukwa nsalu yapasitolo ili ndi mtundu umodzi kuchokera uku mpaka uko, ilibe bondo lotuwa kapena malo a thumba. Mayi Bendolph, obadwa mu 1935, anapitirizabe kukonda zovala zakale ngakhale atatha kugula nsalu yamtundu uliwonse, ndipo ankazifunafuna m'masitolo a kaunjika. M'zofunda zawo za pambuyo pa 2002 mukuoneka jinzi ndi corduroy zomwe zija, koma zigamba n'zazikulu, zodulidwa molimba mtima kuposa kale, chifukwa anali ataona ntchito ya anzawo ndi yawo yomwe ili pakhoma, ataima patali.