Peter Gabriel atavula zigoba: chimbale chake choyamba cha 1977

Woyimba akachoka m'gulu lomwe linamutchukitsa, chimbale chake choyamba chimayenera kuyankha funso limodzi: kodi munthuyu payekha ndani? Chimbale choyamba cha Peter Gabriel, chomwe chinatuluka mu February 1977, chili ndi nyimbo 9, ndipo iliyonse ikupereka yankho lakelake. Mayankhowo sagwirizana. Ine ndimachiona ngati chimbale chosalongosoka, komabe ndimabwererako, chifukwa pakati pa phokoso lonselo pali malo atatu pomwe munthu weniweniyo akumveka.

Gabriel anali woyimba wapatsogolo wa Genesis, bandi ya ku England yoyimba progressive rock. Ngati dzinali ndi lachilendo kwa inu, iyi ndi rock yomwe inakana malire a nyimbo ya pawailesi ya mphindi zitatu. Nyimbo zake zimakhala zazitali, zogawidwa ngati mitu ya buku, kugunda kwake kosinthasintha, mawu ake ngati nthano. "Supper's Ready" ya 1972 imatenga mphindi pafupifupi 23, ndiye musanaitsegule onani kaye bandulo. Pasiteji Gabriel ankavala zigoba: lero mutu wa nkhandwe pamwamba pa diresi yofiira, mawa chiduwa chachikulu kumutu. Anthu ankadziwa zigobazo kuposa nkhope yake.

Anachoka mu 1975, atamaliza ulendo woyimba nyimbo za m'chimbale cha The Lamb Lies Down on Broadway. Mwana wake woyamba anali atabadwa movutikira mu 1974, ndipo nthawi yomwe ankafunika kunyumba inali yomweyo yomwe anzake ankamufuna ku situdiyo. Atachoka, woyimba ng'oma Phil Collins anatenga maikolofoni, ndipo A Trick of the Tail cha 1976 chinagulidwa bwino kwambiri. Taganizani: anzako asonyeza kale dziko kuti akhoza popanda iwe. Tsopano yatsala mbali yako, uli ndi zaka 27.

Anapita kukajambula ku Toronto, m'dziko la Canada, kwa Bob Ezrin, pulodyusa yemwe anali atagwira kale ntchito ndi Alice Cooper komanso Kiss. Ezrin ndi munthu wa zikuluzikulu, ng'oma zogunda ngati bingu, magitala ounjikana. Anasonkhanitsanso akatswiri: Tony Levin pa bezi, Steve Hunter ndi Robert Fripp wa King Crimson pa magitala, Larry Fast pa synthesizer. Chimbalecho sanachipatse dzina, anangolemba Peter Gabriel basi, ndipo zitatu zotsatira anachitanso chimodzimodzi. Pofuna kusiyanitsa, anthu amachitcha Car chifukwa cha chikuto chake: galimoto yodzaza madontho a mvula, iye atakhala m'kati, nkhope yosaoneka bwino kuseri kwa galasi. Chikutocho sichinaname. Zigoba wavula, koma akadabisalabe.

Nyimbo yoyamba, "Moribund the Burgermeister", ndi Genesis yokhayokha. Ndi nthano ya mkulu wa mzinda wakalekale yemwe anthu ake agwidwa ndi mliri wowaphuphitsa, ndipo Gabriel akuyimba mosinthasintha mawu, kwina ngati chilombo chapansi pa nthaka. Imasangalatsa, koma n'chigoba china chabe. "Modern Love" ndi rock wamba ya gitala yolusa, yomwe oyimba ambiri a nthawi imeneyo akanaiyimba osasintha kanthu. "Excuse Me" ndi nthabwala: amuna akuyimba mogwirizanitsa mawu mwachikale cha ku America, Levin akuliza lipenga lalikulu lija la tuba, Fripp ali pa banjo. Ukaimva koyamba umaseka, kachitatu umadumpha. "Waiting for the Big One" ndi blues yopitirira mphindi 7, yomwe imanamizira kutha kenako n'kuyambanso, mpaka umadzifunsa kuti kodi akulu amenewa alibe kwawo? "Down the Dolce Vita" ikuphatikiza kugunda kwa disco ndi London Symphony Orchestra yathunthu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu yemwe kwa zaka zambiri ganizo lake lililonse linkadutsa kaye mwa anzake anayi, wapeza ufulu ndipo akufuna kulawa mphika uliwonse tsiku limodzi.

Koma mverani "Solsbury Hill". Dzinali ndi la kaphiri kenikeni pafupi ndi mzinda wa Bath, ndipo nyimboyo ikukamba za kusiya chomwe uli nacho usanadziwe chomwe upeze kutsogolo, anzako akukuyesa wopenga. Apa palibe mfumu ya m'nthano kapena chilombo, akulankhula ndi iye mwini. Chomwe chimandigwira mtima ndi momwe inapangidwira. Nyimbo zambiri zomwe timavina zimawerengedwa 4, kenako 4 winanso, kukwana 8. Iyi mbali yake yaikulu imawerengedwa 7. Yesani kuomba m'manja motsatira ng'oma, muona kuti pomwe mukudikira kugunda komaliza, nyimbo yayambiranso kale. Zimamveka ngati munthu woyenda mofulumira, phazi limodzi likutsogola mtima usanakonzeke. Luso la progressive rock lija sanalitaye, koma walibisa pansi pa gitala yofewa moti yemwe sawerenga sadziwa n'komwe. Ku Genesis luso linali loti ulione n'kuombera m'manja. Apa luso likugwira ntchito ya nkhaniyo. Nyimboyi inafika pa nambala 13 ku Britain, chimbale chonse pa nambala 7.

Malo achiwiri ndi "Humdrum", yomwe anthu saitchula kawirikawiri. Imayamba pansipansi, mawu ndi piyano basi, ikudutsa m'kavinidwe kokhala ngati tango, kenako ikutseguka ngati wina wakankha zitseko za holo. Ili ndi zigawo ngati nyimbo za Genesis, koma zonse zatheka m'mphindi zosakwana zinayi, ndipo palibe chigawo chongokometsera.

Malo achitatu ndi pomwe ndimakangana ndi Ezrin. "Here Comes the Flood", yotsekera chimbale, ndi nyimbo ya munthu mmodzi yemwe akuona chigumula chikubwera, chigumula chogwetsa makoma omwe amabisa maganizo a anthu. Ndime zake ndi zachete, zoopsa mwa bata. Ikafika kolasi, ng'oma, magitala ndi okesitira zimagwa zonse pamodzi ngati denga, ndipo mawu a Gabriel akuchita kulimbana nazo kuti amveke. Nyimbo yonena za kuvula yavekedwa majekete atatu. Mwini wake anadzanena kuti inachulukidwa zokometsera, ndipo anaijambulanso mophweka m'chimbale cha Fripp cha Exposure mu 1979, kenako ndi piyano yokha m'chimbale cha Shaking the Tree mu 1990. Valani mahedifoni mumvere ya 1977 ndi ya 1990 motsatizana. Yachiwiriyo ndi yomwe imatsala m'mutu ukagona.

Ena anganene kuti kusakanizaku ndiye kukoma kwa chimbale choyamba, kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndikuwamva, ndipo n'zoona kuti popanda kuyesayesa kumeneku sakanafika pa chimbale chachitatu cha 1980, chomwe muli "Biko", nyimbo yolira Steve Biko wa ku South Africa. Koma kuyamikira komwe munthu anadzafika sikusandutsa "Excuse Me" kukhala nyimbo yabwino. Kuchoka m'gulu kunamupatsa ufulu woyesa chilichonse. Mawu akeake anawapeza m'nyimbo zomwe analolera kusiya zina, ndipo m'chimbale ichi anali asanazolowere kusiya.

Ngati data ndi yochepa, yambani ndi "Solsbury Hill", "Humdrum" ndi "Here Comes the Flood" ziwiri zija. Ngati mumalemba, kuyimba kapena kujambula, ndipo tsiku lina mukufuna kudzaima panokha, mverani chonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, n'kumadzifunsa pa nyimbo iliyonse kuti apa akulankhula ndi iyeyo kapena chigoba.