Kufiira kwa ku Mkaika: Utoto ndi Matanthauzo Ake

Pali chizolowezi pakati pathu ofufuza chotanthauzira mitundu yooneka pa mwambo wa Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, motsata Victor Turner. M'buku lake la 1967, The Forest of Symbols, iye anafotokoza kuyera, kuda ndi kufiira pakati pa Andembu. Poti Chichewa nachonso chimatsamira pa mizu itatu yomweyi, n'kosavuta kukodwa.

Komatu zitenje zodinda zimene amayi a ku Sinda ndi ku Vubwi amavala pokalambira Kalonga Gawa Undi sizinanyikidwe m'makungwa kapena m'katondo. Utoto wake ndi chidzukulu cha umene William Perkin anaupeza mu 1856 kuchokera ku phula la malasha, mtundu umene timangoutcha pepo chifukwa mizu itatu ija siuufikira. Kufiira kwa alizarin kunatsatira mu 1868, buluu wa indigo wa kampani ya BASF mu 1897. Wofufuza ayambe wafunsa kumene nsalu inadindidwa, asanalankhule za mizimu.

Ngakhale pabwalo penipeni lamulo la Turner limaterereka. Kufiira kwa Simoni wa Gule Wamkulu sikunena za magazi ayi. Akunyogodola mzungu wopsa ndi dzuwa.