Mpeni wa mkonzi wa kanema

Ndatopa nawo makanema otiperekeza ngati ana a sukulu ya mkaka. Bambo wakangana ndi mayi wa kunyumba, watola makiyi. Ife timuone akulowa m'galimoto, mlonda akutsegula geti, droni ikuuluka pamwamba pa tauni, kenako geti ina. Pofika kumene akupitako, mkwiyo umene tinanyamuka nawo pabalaza paja wazirala kale. Chonsecho oyamikira amangoti zithunzi n'zowala. Za pamene gawo lina likumanirana ndi linzake, pomwe pagona luso la mkonzi, palibe amazifunsa.

Onerani Lawrence of Arabia, kanema wa David Lean wa 1962. Lawrence, yemwe ndi Peter O'Toole, ali mu ofesi ku Cairo, angomuuza kumene kuti apita kuchipululu. Wagwira kamtengo ka machesi koyaka. Tinamuona kale akuzimitsa machesi ndi zala pofuna kudzionetsera, choncho tikuyembekeza zomwezo. Iye angoti fuu! Pomwepo ofesi yasowa, kwangoti psuu, thambo lofiira pamwamba pa mchenga wakuda, dzuwa n'kuyamba kusuzumira pang'onopang'ono. Palibe sutikesi, palibe sitima, palibe kutsanzikana. Kamoto kamene munthu amakalamula ndi mpweya wake kasanduka moto woti sangauzimitse, ndipo nkhani yonse ya munthu wodzikuzayu yanenedwa osatsegula pakamwa. Poyamba panayenera kukhala chithunzi chosungunukira m'chinzake. Mkonzi wake, Anne V. Coates, ndi Lean atayesa kungodula, anaona kuti basi. Coates analandira Oscar chifukwa cha ntchito ya m'kanemayu, ndipo ine ndikadam'patsa chifukwa cha mphindi imeneyi yokha.

Ambiri amathamangira fupa la Stanley Kubrick mu 2001: A Space Odyssey wa 1968, loponyedwa m'mwamba n'kusanduka chombo cha m'mlengalenga. N'zogometsa ndithu, zaka mamiliyoni m'kuphethira kumodzi, koma kumandimvekera ngati mphunzitsi akuloza pabolodi. Kusungunula zithunzi ndi ntchito ya ojambula maukwati. Chithunzi chokankha chinzake chinamukhala Kurosawa, George Lucas n'kubwereka mu Star Wars mu 1977, enafe tichisiye. Mawu akuti "patapita zaka zisanu" ndiye kugonja kwenikweni: kodi mwanayo sangakule, denga silingachite dzimbiri?

Amati oonera athu angasokonezeke. Anthu ake ati? Omwe anakulira pa nthano? Agogo akati mtsikana ananyamuka kukafuna mng'ono wake, safotokoza mtsinje uliwonse. Amayambitsa nyimbo, ana n'kuvomera, nyimbo ikamatha mtsikana uja ali pakhomo pa chilombo. Palibe mwana anafunsapo kuti wadzera njira iti.

Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal anawakhulupirira chomwecho oonera ake mu Touki Bouki wa 1973. Amayamba ndi mnyamata atakwera ng'ombe, chitoliro chikulira, gulu la ng'ombe likubwera mwakachetechete. Mosachenjeza, tili kophera nyama, magazi ali chuu pansi. Kenako injini ikubangula, Mory, mnyamata uja atakula, akulowa mu Dakar pa njinga yamoto yomangirira chigaza cha ng'ombe, nyanga zili kutsogolo. Zaka zonse za pakati pa kabusa uja ndi mnyamata wolota za ku Paris, Mambéty sanazijambule n'komwe.