Kadontho ndi mnzake wosakongola uja

Wolemba mapulogalamu amadina kadontho kambirimbiri pa tsiku osakaganizira n'komwe. Akalemba galimoto.mtundu, ndiye kuti akufunsa object yotchedwa galimoto kuti mtundu wake ndi wotani. Kalembedwe aka n'kakale, kanalimo kale mu Simula 67, chilankhulo chimene Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anakonza ku Oslo. Kukoma kwake ndi kufatsa: diso limangodutsa osapunthwa. Mu PHP kadontho kanali katagwidwa kale ntchito yolumikiza mawu, ndiye anatenga ->, kamuvi kamene mpaka lero kamanditopetsa zala.

Nkhani imavuta pamene object ili ndi zake zosafuna kuonetsa. JavaScript, imene Brendan Eich analemba mu 1995, inasiya property iliyonse pambalambanda. Kwa zaka zambiri anthu ankangoika kamzere kutsogolo kwa dzina, _ndalama, ngati kutseka chitseko ndi luzi: waulemu amabwerera, wofuna kulowa amalowa. Mu 2022 komiti ya TC39, yoyang'anira JavaScript, inabweretsa loko weniweni, this.#ndalama. Ambiri ananyansidwa nacho chizindikirochi. Bwanji osangolemba private, monga achitira mu Java?

Ine ndili kumbali ya #. Java imadziwiratu mtundu wa object pulogalamu isanayambe kuyenda, koma JavaScript imadziwa ikafika pomwepo. Ikakumana ndi x.ndalama, ingazindikire bwanji ngati mukufuna ndalama yobisika kapena yoonekera? Mawu oti private amakhala kutali, pamene property inabadwira, pomwe # amayenda ndi dzinalo paliponse pamene latchulidwa. Chifukwa cha ichi, object imodzi ikhoza kukhala ndi ndalama komanso #ndalama popanda kulimbana. Wowerenga mzere umodzi wokha, usiku, pulogalamu itafa, amaona msanga chimene wakhudza. Kunyansako ndikuvomera, koma chizindikirochi sichinama.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ?. wa mu 2020, amene ambiri anamulandira ndi manja awiri. Kasitomala?.adiresi?.mzinda ndi mzere wosalala ndithu, ndipo pamene adiresi ikhozadi kusowa, ndi woyenera. Koma anthu amamuwaza paliponse ngati mchere. Kasitomala akasowa pamene sanayenere kusowa, pulogalamu siikuwa. Imangobweza undefined n'kupitirira, ndipo cholakwacho chimakatulukira kutsogolo, pa risiti yopanda dzina la mzinda.