Uphunzitsi wa Udokotala: Ntchito ya Pulofesa John Chiphangwi

Kuphunzitsa udokotala ndi luso losulidwira pambali pa bedi la wodwala. Mphunzitsi amazungulira m'mawodi ndi ophunzira, kuwaonetsa kafunsidwe ka wodwala, kagwiridwe ka mimba ya mayi woyembekezera, ndi kamvedwe ka kugunda kwa mtima wa mwana wosabadwa.

M'Malawi, lusoli linakhazikika chifukwa cha khama la anthu monga Pulofesa John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi ndi uchembere. Iwo anatsogolera ntchito yokhazikitsa College of Medicine, imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Kale, Amalawi ankaphunzira udokotala kunja, ndipo ambiri sankabwerera kwawo. Sukuluyi inachititsa kuti aziphunzira pa chipatala cha Queen Elizabeth, poona matenda a kuno monga malungo ndi chifuwa chachikulu. Pulofesayu anachitanso kafukufuku wa HIV pakati pa amayi oyembekezera, mogwirizana ndi yunivesite ya Johns Hopkins.

Mu 2021 College of Medicine inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Lero mayi wa ku Lirangwe kapena ku Chileka akatumizidwa ku Queen Elizabeth, kawirikawiri amathandizidwa ndi dokotala amene anaphunzira m'mawodi omwewo.