Mizere Yowala pa Mdima: Luso la Magemu a Vector

Pa Zalewa, pamene msewu wochokera ku Blantyre umawoloka Shire n'kugawikana, wina kulowera ku Mwanza ndi ku Tete, wina ku Balaka ndi ku Lilongwe, mnyamata wokonda magemu amadziwa kusiyanitsa gemu yabwino ndi yachabe. Amayang'ana ngati wosewera mpira wa pa foni kapena pa PlayStation akufanana ndi munthu weniweni, nkhope yake, kathamangidwe kake, ngakhale udzu wa m'bwalo. Muyeso umenewu ndi wa dziko lonse, koma umabisa mtundu wina wa luso umene unakula pakati pa 1977 ndi 1985 m'makina oponyamo ndalama a ku America. Magemu amenewa, otchedwa a vector, sankajambula khungu kapena udzu. Ankajambula mizere yowala pa mdima basi. Ine ndikuti kuchepa kumeneku sikunali chilema: mzere ndi umene unasankha zimene magemuwo ankanena, ndipo zimenezo unazinena bwino kuposa chithunzi chodzaza.

TV yakale yachimphuno ija imajambula chithunzi posesa galasi lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, mzere ndi mzere, n'kumayatsa timadontho. Makina a vector sasesa. Kansonga ka kuwala kamalunjika pamene pali chinthu, kamakoka mzere kuchokera apa kufika apo, kamazima, n'kudumphira pena, ndipo kamabwereza zimenezi mofulumira moti diso limaona chithunzi chokhazikika. Larry Rosenthal ndiye anabweretsa njirayi m'makina a malonda ndi gemu ya Space Wars, imene kampani ya Cinematronics inatulutsa mu 1977 potengera gemu ya Spacewar! ya ku yunivesite ya MIT ya 1962. Kampani ya Atari inatsatira mu 1979 ndi Lunar Lander, kenako Asteroids ya Lyle Rains ndi Ed Logg, imene inagulitsidwa makina oposa 70,000.

Asteroids ndi umboni wokwanira pawokha. Chombo chanu ndi kachinthu ka nsonga zitatu, miyala ndi mizere yokhotakhota yopanda kanthu m'kati. Mukawombera mwala waukulu umasweka pawiri, zidutswazo zikawomberedwa zimaswekanso pawiri, ndipo tizidutswa timathamanga kuposa mwala umene tachokera. Choncho kuwombera kulikonse kumachepetsa adani n'kuwonjezera ngozi nthawi imodzi. Chombocho chilibe mabuleki: mukachikankha chimapitirira kwa nthawi, ndipo kuti chiime msanga muyenera kuchitembenuza n'kukankhira kumene mwachokera. Nkhani yonse ya gemuyi ndi kutembenuka, liwiro ndi mpata wa pakati pa zinthu. Zinthu zitatu zimenezi ndi zimene mzere umadziwa kuonetsa. Kachombo ka mizere kamatembenuka bwinobwino popanda kupunduka, chifukwa chimene chimasintha ndi malo a nsonga zake basi. Chojambula cha timadontho cha nthawi imeneyo chikatembenuzidwa pang'ono chinkasanduka masitepe. Si mwangozi kuti adani a mu Space Invaders ya kampani ya Taito ya 1978 amangoyenda cham'mbali n'kutsika, osatembenuka.

Mwana amene amaumba galimoto ya mawaya poonera malole odutsa pa Zalewa amalidziwa lusoli. Alibe malata okutira thupi lonse la lole, ndiye amasankha waya wa denga, wa mphuno ndi wa ngolo, ndipo aliyense woona amazindikira lole. Akaphonya kupinda waya umodzi, palibe penti yoti ibise. Opanga magemu a vector anali pa mayeso omwewo, ndipo anali ndi malire ena owonjezera: mizere ikachuluka, kansonga ka kuwala kankachedwa kubwerera poyambira ndipo chithunzi chinkaphethira. Mzere uliwonse unali ndi mtengo wake, motero wosagwira ntchito unkachotsedwa.

Wina anganene kuti ndikuveka umphawi chisoti chaufumu, kuti anthuwa ankajambula mizere chifukwa makompyuta a nthawiyo anali ofooka, ndipo akanakhala ndi mphamvu za lero sakanatero. Mbali ina ndi zoona, koma mfundoyi ikuiwala kuti pa nthawiyo vector sinali njira ya osauka. Inali yakuthwa kuposa inzake. Asteroids inkaloza malo pa galasi mwa magawo 1024 m'litali, pamene magemu a timadontho ankakhala ndi pafupifupi 256, ndipo ichi n'chifukwa chake kulunjika mfuti mu gemuyi kunali ndi tanthauzo. Battlezone ya Ed Rotberg ya 1980 inaika wosewera m'kati mwa kasinja, akusuzumira pa chigwa chokhala ndi mapiri kutali, ndipo akasinja a adani ankakula akamayandikira. Timadontho ta chaka chimenecho sitikanatha kuonetsa kuzama kotere. Asilikali a America anaona kuti n'zenizeni mokwanira moti anapempha Atari kuti iwakonzere mtundu wophunzitsira ankhondo a galimoto ya Bradley. Ndipo malire akakhala kuti ndiwo anabala mapangidwe, sizichotsa luso. Funso ndi lakuti wopangayo anachita nawo chiyani malirewo. Dave Theurer, mu Tempest ya 1981, anatenga mizere yolozera pakati n'kupanga dzenje limene adani amakwera kuchokera pansi pake, wosewera akuzungulira m'milomo mwa dzenjelo ndi kachogudumuza. Mitundu imene anawonjezera ili ndi ntchito: imakuuzani mdani amene ali patsogolo panu musanaganize n'komwe.

Chotsutsa champhamvu kwambiri n'chakuti njirayi inafa, ndipo inafa pa zifukwa zomveka. Mzere sungajambule nkhope, sungadzaze thambo kapena bwalo. Gemu yofuna munthu woti mumukonde, monga Pac-Man kapena Mario, inalibe malo mu vector, ndipo anthu ambiri amafuna munthu woti amukonde. Magalasi ake, makamaka amitundu, ankapsa kawirikawiri, zimene zinkakwiyitsa eni malo amasewera. Vectrex, makina apanyumba a 1982, sanakhalitse pa msika. Pambuyo pa Star Wars ya 1983 ndi The Empire Strikes Back ya 1985, Atari inasiya. Zonsezi ndikuvomereza, koma zikungosonyeza kuti vector inali ndi gawo lopapatiza, la mlengalenga, makina ndi liwiro. Sizikusonyeza kuti m'gawo limenelo inalephera. Msika umasankha njira yotha kuchita zambiri pa mtengo wotsika, ndipo umenewo ndi mlandu wa malonda.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti amene angafune kuweruza yekha lero adzaweruza chinthu cholakwika. Asteroids imapezeka pa intaneti ndipo imaseweredwa pa foni, koma galasi la foni ndi la timadontho, ndipo kuwala kwake kuli ndi malire ofanana paliponse. Pa makina enieni, kansonga ka kuwala kakaima malo amodzi pankawala kwambiri, motero chipolopolo chinkathobwa m'maso kuposa mwala, n'kusiya kamchira kozilala pang'onopang'ono. Diso la wosewera linkadziwa lokha chofunika kuyang'ana. Pa foni chipolopolocho ndi kadontho koyera wamba, ndipo mnyamata wa pa Zalewa akanena kuti gemuyi ndi yosakoma, sakulakwa pa zimene waona. Chimene chimatsalabe ngakhale pa foni ndi kayendedwe: chombo chosafuna kuima, miyala yochuluka mukamaiswa, ndi kugunda kwa mawu awiri kumene kumafulumira nthawi ikamapita. Amene akuphunzira kupanga magemu m'dziko muno, ali ndi kompyuta yofooka ndiponso alibe gulu la ojambula, angapeze mu Asteroids ndi Tempest zambiri zoti aphunzire kuposa mu gemu ya mpira yopangidwa ndi anthu mazanamazana.